Ulusi wa pa Wotchi ya Abambo

Debrecen,
Lachiwiri, Novembala 1947

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochokera kuno. Kwacha ndi chifunga chokhachokha, moti ndikasuzumira pazenera sindikuona ngakhale denga la nyumba ya kutsidya kwa msewu. Madzi a m'ndowa ya pakhomo aundana pamwamba, tachita kuswa ndi chikho kuti tisambe m'manja. Akhwangwala akukangana mumtengo wa pabwalo, ngolo za ogulitsa kabichi zikugubuduka pamiyala, ndipo cha ku siteshoni sitima ina yakhala ikulira chiyambire mbandakucha. Anzanga akumwa khofi. Ine ndakhala pakona pafupi ndi mbaula kuti ndikulembereni maphunziro asanayambe.

Kodi muli bwanji? Chifuwa chija chinatha? Azakhali a Hentshe analemba kuti mukusankhabe anyezi m'shedi yozizira ija osavala mpango. Chonde muzivala. Nanga mlongo wanga Perl ali bwanji, dzino lija linamera? Ine ndili bwino, Mulungu atamandike. Ndikudya mokwanira, ndipo kudyako ndi kumene kwandibweretsera vuto limene ndikufuna kukuuzani.

Ndi za wotchi ya Abambo.

Mukukumbukira m'mawa umene ndinkanyamuka, Pasika itangotha. Tili pasiteshoni ya kwathu ku Makó munatulutsa wotchi ija, imene munaifukula m'botolo pansi pa mtengo wa mapulamu titabwerera kuchokera kumsasa. Kachitsulo komangira lamba kanali katadyeka ndi dzimbiri, ndiye munandisokera lambayo padzanja ndi ulusi wa nsapato, kuti asilikali okonda mawotchi aja asandivule m'sitima. Munati ulusi umenewu asadule munthu wina, adzadula ndi Abambo tsiku limene adzatsike sitima kuchokera kuukaidi kwa Arasha. Ndinalonjeza. Munasankha dzanja lamanja. Munanena, singano ili pakamwa, kuti lamanzere ndi la tefilini, kabokosi kachikopa ndi chingwe chake zimene timamanga pamkono, lisakhale ndi chosokoneza pa pemphero.

Amayi, ine ndine wamanzere.

Sindikukudzudzulani. Maso anu anazolowera kuona Abambo ndi agogo akupinda malaya kumanzere m'mawa uliwonse. Ine simunandionepo nditavala tefilini, poti zaka zanga khumi ndi zitatu zinakwanira tili kumsasa ku Austria kumene kunalibe ngakhale kachingwe, ndipo titabwerera ndinkabwereka ku sunagoge, kumene inu simufika masiku a ntchito. Koma lamulo limati kabokosi kachikopa kaja kamangidwe pa mkono wofooka, ndipo mkono wofooka wa munthu wamanzere ndi wamanja. Ndinkadziwa pamene munkasoka. Sitima inali italiza kale mluzu, ndipo ndinaona kuti ndikalankhula mudzamasula n'kuyambiranso, kapena mudzalira. Ndinakusiyani mumalize kusoka.

Poyamba panalibe vuto. Mukudziwa mmene ndinaondera. Lamba anali wotakasuka, zala ziwiri zinkalowa. Ndikamanga kabokosi pamwamba pa chigongono moyang'ana kumtima, ndinkazunguliza chingwe chake kasanu ndi kawiri kutsika nacho mkono, ndikafika pa wotchi n'kuchilowetsa kunsi kwa lamba, chizipita mpaka kuchala. Chingwe chinkakhudza khungu paliponse, ndipo palibe amene anaona chachilendo.

Koma nyemba ndi buledi wa kuno zandikulitsa. Malaya amene munandisokera afupika manja. M'chilimwe chala chimodzi chokha ndicho chinkalowa, kenaka chikhadabo, ndipo milungu itatu yapitayo chingwe chinakaniratu. Ndinayesa kupaka sopo, sizinathandize. Ndinayamba kungochidutsitsa pamwamba pa wotchi, nditaima kumbuyo kwenikweni kumene timakoleka majekete, nkhope ili kukhoma.

Amene anandigwira ndi Pinye. Ndinakulemberanipo za iye, mnyamata wa tsitsi lofiira amene anatsala yekha pa banja la anthu asanu ndi anayi. Pakamwa pake ndi pa lumo. Chifikire changa amanditcha Bwana Nthawi. Tikakumana pamakwerero amavula chipewa n'kufunsa kuti, Bwana Nthawi, Mesiya watsala ndi mphindi zingati kuti afike, tiyambe kulongedza? Lachinayi lina anabwera kudzatenga mpango m'jekete lake, anaona mkono wanga, ndipo anafunsa mokweza pakati pa pemphero ngati nayo wotchi yakwanitsa zaka khumi ndi zitatu kuti izivala tefilini. Onse anaseka. A Getsel anatseka buku lawo n'kubwera.

A Getsel ndi aphunzitsi amene amatiyang'anira pa mapemphero. Anandigwira dzanja, analitembenuza, ndipo ananena liwu limodzi lokha, hatsitsa, chotchinga. Anati pakati pa chingwe ndi mnofu pasakhale kanthu, ndivule. Ndinawauza kuti siivulika. Anatulutsa kampeni kawo kosongolera mapensulo, ine ndinabisa dzanja m'khwapa. Ndinkayesa andimenya, koma sanatero. Anatsitsa mawu n'kundiuza kuti kumsasa kumene iwo anali, amuna makumi asanu ankagwiritsa tefilini za munthu mmodzi. Ankandanda kuseri kwa nyumba kusanache, aliyense kamphindi kamodzi, ndipo iwo ankapereka theka la buledi wawo kuti apeze malo pamzerewo. Anati ankavula malaya m'chisanu choswa miyala kuti chikopa chikhudze mnofu, nanga iwe mwanawe ukuikapo chitsulo?

Sakunama, Amayi. Anapita ndi akazi awo ndi ana aakazi anayi, anabwerako okha. Munthu wotere sungamuuze kuti akukhwimitsa zinthu.

M'mawa mwake ndinachita chopusa. Ndinaganiza kuti ndachenjera, ndinamanga tefilini kumanzere monga anthu onse. Mfundo yake inakhala mbali yolakwika, poti a Getsel omwewo anandimangira ya munthu wamanzere pamene ndinafika, ndiye anazindikira ali patali. Anati munthu wamanzere akamanga kumanzere ali ngati sanamange n'komwe, ndipo dalitso limene ndinanena ndatchula nalo Dzina la Mulungu pachabe. Pinye anauza tebulo lonse pa chakudya kuti ku Debrecen kwachitika chozizwitsa, Bwana Nthawi anagona wamanzere wadzuka wakumanja, mawa mwina adzuka rabi. Chipongwe chakecho sichinandipweteke kwenikweni. Chinandipweteka ndi cha Dzina chija. Tsiku limenelo sindinadye.

Sabata linandipumitsa, poti pa Sabata sitivala tefilini. Sindinadziwe kuti munthu angathokoze Sabata pa chifukwa chochititsa manyazi chotero.

Lamlungu anandiitana kwa a Rebe, akulu a sukulu yathu. Maso awo anachita khungu, amaona ndi zala. Anayendetsa chala chachikulu pa msoko wanu kawiri, n'kunena kuti amene anasoka apa sanafune kuti pamasuke. Anatuma a Getsel kukatenga mabuku awiri akuluakulu, ndipo anakangana pamutu panga theka la ola, ine nditatambasula dzanja patebulo ngati nkhuku imene mayi wabwera nayo kudzafunsa ngati ili yololedwa kudya.

A Rebe anati anzeru akale sagwirizana. Ena amati chotchinga chimaletsedwa kunsi kwa kabokosi ndi pa chingwe chokamangira basi, kwinako kotsika mkono kulibe mlandu. Ena amati chingwe chonse chikhudze khungu mpaka kuchala, ndipo m'nyumba ino mwambo ndi wovula wotchi, mphete ndi china chilichonse. A Getsel anati anyamata amaonera, mukalola mmodzi mawa aliyense abwera ndi chake. A Rebe anawafunsa kuti, Getsel, m'nyumba muno ndi angati ali ndi wotchi ya bambo awo? A Getsel anangotseka buku.

Chigamulo chawo ndi ichi. Mpaka tsiku loyatsa kandulo yoyamba ya chikondwerero cha Hanuka mwezi wamawa, ndidutsitse chingwe pamwamba pa wotchi, ndipo ndisiye kubisala ku majekete, ndiziima pamzere monga munthu. Koma mwambo wa nyumba sungaimitsidwe mpaka kalekale chifukwa cha ine. Anati lonjezo ndinalipereka kwa inu, kulemekeza mayi nalonso ndi lamulo, ndipo iwo sangamasule chimene mayi anamanga, mayiyo ali moyo ndipo makalata akuyenda. Anati ndikulembereni. Ndatha masiku asanu ndi anayi ndikuyamba kalata ino n'kuing'amba.

Pali china chimene ndinkafuna kubisa, koma azakhali amati wobisa chilonda amachiritsa ntchentche. Pamene ndinkatuluka, a Rebe anakanikiza mnofu m'mbali mwa lamba ndipo ndinadzidzimuka. Anaweramitsa mphuno n'kununkhiza. Kunsi kwa lamba khungu lanyuka, Amayi. Ulusi walowa m'mnofu mbali ya mfundo, pafiira ndipo pakutuluka madzi. A Rebe anati iwo angathe kudikira Hanuka, koma sakudziwa ngati dzanja limawerenga masiku. Mayi Malka ophika amandidonthezera madzi a mchere ndi nthenga ya tsekwe kawiri pa tsiku. Anandiuza kuti kufiirako kukangokwera kufika pamene alemba ndi pensulo, adzadula okha ndi sizasi ya nkhuku, arabi akangane bwino pambuyo pake. Dzulo kunatsala malo a chala chimodzi kuti kufike.

Mwina mukuti nkhaniyi ndi yaing'ono. Pinye nayenso anatero. Lachisanu tinali awiri kukhitchini tikusenda mbatata, ndipo kwa nthawi yoyamba ananditchula dzina langa. Anati, Zalmen, dula, tikapeze kachitsulo katsopano kwa wosoka nsapato, uzivala kumanzere, wotchi siidziwa dzanja. Ndinamuuza za amene ayenera kudula. Anasenda mbatata ziwiri, kenaka anati kuimirira sikovuta kwambiri, limavuta ndi tsiku loyamba lokha.

Muyenera kudziwa chimene ankatanthauza. M'sukulu muno tilimo anyamata makumi awiri ndi atatu. Ikafika nthawi ya Kadishi, pemphero la ana amasiye, khumi ndi asanu ndi anayi amaimirira. Anayi timakhala pansi. Maphwando a mu Seputembala asanafike okhala pansife tinali asanu ndi mmodzi, awiri analandira makalata a imfa ya makolo awo. Iwo akamanena pempherolo ine ndimaika dzanja pakhutu ngati ndikukanda, ndimve wotchi ikugunda. Ndinafuna kumumenya Pinye ndi mbatata imene inali m'manja mwanga, koma sankanditonza, ndiye ndinasowa pomumenyera.

Tsopano za dzulo.

Monga munandiuza ponditumiza kuno osati kusukulu yapafupi, sindinaphonyepo sitima ya andende obwerera. Ya dzulo inali ya khumi ndi chimodzi. A Getsel ndi amene anamva kuti ikubwera, ndipo anandiuza okha kuti nditseke buku ndithamange. Anandibwereka magolovesi awo. Ndinatenga chikatoni changa cholembedwa dzina la Abambo, Fishel Grünhut wa ku Makó, n'kukaima pa mpanda pamodzi ndi amayi onyamula zithunzi. Anthuwo amatsika onse ofanana, majekete a thonje ong'ambika, mitu yometa, nkhope ngati za agogo. Ndinafuula dzina la Abambo pa ngolo iliyonse mpaka mawu anasasa.

Munthu wina anaima. Analibe mano akutsogolo, ndipo ndinamuzindikira ndi kayendedwe kotsimphina kaja. Anali a Lipót Brüll opanga migolo, a kuseri kwa msika, amene anatengedwa tsiku limodzi ndi Abambo. Ine sanandidziwe, poti anandisiya ndili ndi zaka khumi. Anadziwa wotchi, chifukwa ndinali nditakweza chikatoni ndipo malaya afupika. Analowetsa dzanja pa mpanda, anandigwira mkono, anayang'ana wotchi, anayang'ana ya pakhoma la siteshoni, n'kunena kuti ikutsogolabe ndi mphindi zitatu. Ndinati eya, sindinaikonze. Anaseka pang'ono, akuti Fishel ankati msika wa anyezi sudikira munthu wosunga nthawi yeniyeni.

Ndinawafunsa kuti Abambo ali ngolo iti. Iwo anandifunsa za inu, ngati muli moyo, ndi Perl. Anafunsa za akazi awo. Ndinawauza kuti Mayi Etel alipo, akukhala kwa achemwali awo, ndipo m'nyumba mwawo muli anthu ena. Anagwedeza mutu. Ndinafunsanso za Abambo. Anati, mwanawe, ndatopa, ndidzakhala pansi ndi mayi ako, nkhani sizikambidwa pa mpanda. Pamenepo anaona kutupa kuja. Anayendetsa chala pa ulusi monga anachitira a Rebe, n'kufunsa kuti ndani wandimanga chonchi ngati mwana wa ng'ombe. Ndinawauza zonse, ndi za amene adzadule. Anandisiya dzanja pang'onopang'ono. Msilikali anawakankha kuti apitirire, poti onse amayamba agonekedwa kunyumba za asilikali masiku angapo, awapime ndi kuwapatsa mapepala.

Sindikudziwa tanthauzo lake, Amayi. Ndalitembenuza mbali zonse. Mwina anasiyanitsidwa kalekale ndipo alibe chonena, akuchita manyazi kuti abwera okha. Mwina Abambo ali m'chipatala kumeneko. Kakalata kamodzi kaja ka chaka chatha kanali ka dzanja lawo, inu ndi ine tinaona. Amayi a pa mpanda akuti kukubwera sitima ina Hanuka isanafike. Koma a Lipót anati Fishel ankati, sanati amati, ndipo liwu limenelo silikuchoka m'mutu mwanga. Mwina ndi mmene amalankhulira anthu amene akhala nthawi yaitali kutali. A Rebe sindinawauze. Pamene ndinkabweza magolovesi, a Getsel anangondiyang'ana n'kuwaika m'thumba. Lero m'mawa ndadutsitsa chingwe pamwamba pa wotchi, ndipo pa Kadishi ndakhala pansi.

Pempho langa ndi limodzi. A Lipót akabwera, muwamvetsere, kenaka mundilembere liwu limodzi, dula kapena usadule. Musalembe zambiri ngati simungathe, ndidzamva. Musandiuze kuti ndisankhe ndekha, chifukwa ndayesa. Ndikaganiza zodula ndimaona ngati ndine amene ndikuwatsekera Abambo chitseko, ndipo ulusi ukaduka sulumikizika monga unalili. Ndikaganiza zosadula ndimaona a Getsel ataima opanda malaya m'chisanu, ndi mzere wa pensulo wa Mayi Malka. Mukati dula, ndidzapempha a Getsel kuti adule ndi kampeni kawo, ine sindingathe, ndipo ulusiwo ndidzakutumizirani m'kalata. Mukati usadule, ndidzabisa dzanja kwa Mayi Malka mmene ndingathere, koma sindikulonjeza, poti ndi amphamvu kuposa ine. Chonde yankho lifike kandulo yoyamba isanayake.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Hentshe, muwauze kuti masokosi anafika ndipo akukwana. Moni kwa amalume a Berish, ndi kwa msuweni wanga Gitl ndi khanda lake. Perl mumupsompsone pamutu, mumuuze kuti chithunzi chake cha tsekwe ndinachimata pamwamba pa bedi langa, ngakhale Pinye akuti ndi ngamila. Za dzanja langa musamuuze.

Anthu a ku Makó amene atsika sitima ya dzulo ndi awa. A Lipót Brüll. Jenő, mwana wa ometa tsitsi, wabwera wopanda zala zitatu za kuphazi koma akuyenda. A Dezső Spitzer aang'ono, amene ankayendetsa ngolo ya mkaka. Ndi Pista Kocsis, mnyamata wachikhristu wa nyumba ya pakona, amene ankanyamulira Abambo matumba. Mukawauze amayi ake lero lomwe, sakudziwa. Onse ndi anayi. Akuti afika kumeneko Lachisanu ndi sitima ya masana, Sabata lisanalowe. Ndinadikira mpaka anatsegula ngolo yomaliza n'kusesamo udzu. Abambo sanatsike.

Ndine mwana wanu,
Zalmen